Tekilado Imene Sindidathe Kuinyamula

Kapela yathu ili pa kamtunda, kumadzulo kwa Lifidzi. Kuchokera kunyumba kwanga ndimayenda theka la ola kuti ndikafikeko, ndipo njira yake ndi yokwera, yoterera mvula ikagwa. M'kapela imeneyi ndayimbamo limba zaka zoposa makumi anayi. Adandiphunzitsa ndi mairima, masisitere a ku misau, kumishoni kuja, pamene ndinali mtsikana wa pa shikola yawo yogonera komweko, ndipo limba limene ndidaphunzirapo ndi lomwelo adadzatipatsa iwo atalandira latsopano. Linali limba lopopa ndi mapazi, la matabwa akuda. Amuna asanu ndi mmodzi ndiwo adalilowetsa m'kapela, ndipo silidatulukemonso. Ngakhale pa nthawi ya nkhondo, ife titathawira ku Dedza, lidatsala momwemo, ndipo pobwerera tidalipeza lili pamalo pake, nkhuku zikuikira pamwamba.

Kale tinali ndi gulu la oyimba. Lidatha pang'onopang'ono. Ena adapita ku Tete kukafuna ntchito, ena adayamba malonda a kumalire ku Domwe, ndipo ena adasamukira ku mipingo ya zokuzira mawu. Pamapeto pake ndidatsala ndekha: wosankha nyimbo ndine, woyambitsa ndine, woyimba limba ndinenso. Apadiri amafika kwathu kamodzi pa miyezi iwiri. Masiku ena onse a Lamulungu amatsogolera ndi akatekista, amene mawu awo ndi abwino powerenga koma osati poyimba. Ine ndikakhala chete, kapela yonse imakhala chete.

Limba lidafa chifukwa cha mivukuto yake. Makoswe adaiboola, chinyezi cha kuno kumapiri chidaiwoletsa, ndipo tidaimata kambirimbiri ndi mpira wa njinga ndi chikopa cha mbuzi mpaka padasowa pomata. Maondo anganso anali atayamba kukana kupopa. Akhristu a kapela yathu ali ndi dimba limodzi la kachewere limene timalima tonse, ndipo chaka chimenecho adagwirizana kuti zimene tipeze pogulitsa zigulire tekilado, limba lamagetsi lija. Ndalamazo sizinali zambiri. Adandipatsa ine kuti ndikasankhe, popeza woyimba ndine.

Ndidakwera shapa, kabasi konyamula anthu, kupita ku Ulongwe ndikudziwa zimene ndikufuna. Ku kapela kulibe magetsi, ndipo chitseko chake mwana angachitsegule ndi phewa, choncho chinthucho chinayenera kukhala choyendera mabateriya ndiponso choti ine ndekha ndizipita nacho ndi kubwera nacho. M'maloja awiri oyamba adandionetsa matekilado a ana, okhala ndi matekila opyapyala, timatabwa toyera ndi takuda todina tija, moti zala zanga ziwiri zinkagwera pa kamodzi.

"Agogo, iyi ili ndi ng'oma mazana awiri," adatero mwini loja wina. "Mungodina apa, mpingo wonse uvina."

"Ng'oma tili nazo kwathu," ndidayankha. "Ndiikireni mawu a limba."

Adafunafuna mpaka adawapeza. Ndidadina zala zisanu ndi zitatu nthawi imodzi n'kuzisiya pomwepo, ndipo ndidamva kuti mawu atatu azima. Matekilado otsika mtengo kwambiri amatero: sangathe kugwira mawu ambiri pamodzi, ndipo munthu woyimba nyimbo za m'kapela ndi manja awiri amatsala ndi nyimbo yong'ambika. Ndidathokoza n'kutuluka.

Kuseri kwa msika kuli bambo wina wokonza maradiyo. Iyeyo anali ndi tekilado yogwiritsidwapo kale ntchito, ya matekila makumi asanu ndi limodzi kudza limodzi, aakulu bwino ngati a limba langa. Tekila limodzi lakuda linali lobenthuka kumapeto, koma linkalira. Mawu ake a limba ankakhala osazima. Ndidapempha kuti ndiikulunge m'kapulana, nsalu yanga yofunda, ndidaisenza pamutu, ndidayenda nayo mpaka pamsewu ndi kubwerera, iye akunditsatira pambuyo ndi nkhope ya munthu amene akuganiza kuti ndithawa nayo. Mtengo wake unkakwanira. Sindidagule tsiku lomwelo, chifukwa sindichita chinthu cha anthu ambiri ndisadauze alongo anga, amene ndiwo mwini mbumba wathu. Ndidati ndibweranso.

Ndisadabwerere, nkhani idafika ku Tete, kwa mwana wanga wamkazi wotsiriza ndi amuna ake.

Ndiyenera kufotokoza za akamwini angawa. Ndi amakaniko, amakonza magalimoto akuluakulu mumzinda wa Tete, ndipo adakwatira mwana wanga zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Pa mtundu wathu tidasunga mwambo wa chipongozi monga adautisiyira makolo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo sayankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Mawu athu onse amadzera mwa mwana wanga, ngakhale tikhale moyandikana kotero kuti wina akumva kupuma kwa mnzake. Mabanja ambiri adazisiya zimenezi. Ife sitidazisiye, ndipo akamwini sadaphonyepo ngakhale tsiku limodzi.

Palinso china. Pamene ankafunsira mbeta anali osauka, ophunzira ntchito chabe, a nsapato imodzimodzi. Alongo anga adawalandira mozizira, ndipo adanena pamaso pa ankhoswe kuti mwana wophunzira ngati wathu akadapeza mphunzitsi kapena wa mu ofesi. Akamwini mawuwo adawamva. Sadawayankhe nthawi imeneyo ndipo sadawatchulepo chiyambire, koma ine ndinkadziwa kuti adawasunga.

Akamwini adafika ndi mwana wanga Loweruka lina mvula isadayambe, pa galimoto yobwereka. Ine ndidalowa m'nyumba n'kukhala kuseri kwa chitseko, iwo adakhala pakhonde, mwana wanga pakhomo pakati pathu.

"Uwauze amayi kuti ndamva za limba lawo," adatero akamwini.

"Amva kale, ali pompano," adatero mwana wanga.

"Uwauzebe."

"Amayi, akuti amva za limba lanu. Zaka khumi ndi zisanu ndili telefoni ya anthu awiri inu, ndipo palibe amene adandiikirapo kiredito."

"Uwauze kuti afika bwino," ndidatero ine.

"Uwauze kuti ndalama za kachewere azisunge, akakonzere denga. Tekilado ndabwera nayo. Si ya kumsika ayi. Ndi imene amayimbira m'matchalitchi akuluakulu a mumzinda."

Adaitsitsa amuna awiri. Inali yaitali ngati chitseko, ndi kawindo kowala pakati ndiponso mabotau odina ochuluka kuposa amene ndikadatha kuwawerenga. Pamodzi nayo padali bateriya ya galimoto, kabokosi kosandutsa mphamvu ya bateriyayo kukhala magetsi a m'nyumba, makoluna awiri okuzira mawu, ndi komputadori yakale. M'komputadorimo adaikamo pulogalama imene imayimba yokha ng'oma, magitala ndi malipenga, munthu akungodina ndi dzanja lamanzere. Mwana wanga adandinong'oneza kuti amuna ake adagwira ntchito masiku a Loweruka miyezi yambiri akusunga ndalama zogulira injini yawoyawo yogwirira ntchito, ndipo zonsezo adazithera pa zinthu zimenezi.

"Uwauze amayi kuti sadzakhalanso okha," adatero akamwini. "Gulu lonse la oyimba lili m'menemu."

Ndidathokoza monga kuyenera, ndi mawu ambiri, ndipo ndinkanena zoona. Za tekilado ya kuseri kwa msika sindidatchule.

M'mawa mwake akamwini adalumikiza zonse okha m'kapela, adaika liwiro la nyimbo yolowera, ndipo kudzera mwa mwana wanga adandionetsa podina. Kenaka adakakhala kumbuyo, kumbali ya amuna. Ndidadina. Ng'oma zidayamba, malipenga adalira, ana amene anali panja adathamangira m'kati.

Anthu a kwathu ali ndi kayimbidwe kawo. Amakoka mawu otsiriza a mzere uliwonse, amadikira kuti amayi achikulire a pabenchi loyamba apume, ndipo amuna amalowa mochedwa pang'ono, ngati anthu amene ayamba aganiza kaye. Ine ndidazolowera kuwadikira ndi mapazi ndi zala, osaganizako n'komwe. Makina sadikira. Pofika pakati pa ndime yoyamba, ng'oma zinali patsogolo ndi mzere wathunthu. Kuwonjezera apo, nyimbo idakwera. Ndinkadina matekila omwe aja amene ndadina moyo wanga wonse, koma amayi ankatambasula makosi osafikapo, ndipo mawu a mmodzi adasweka poyera, atsikana n'kuseka. Pa ndime yachitatu m'kapela munkayimba makina okha.

Mapemphero atatha, akatekista adaimiritsa akamwini ndi kuwathokoza pamaso pa onse. Anthu adawomba m'manja kwa nthawi yaitali. Alongo anga adapita kukawagwira chanza ndi manja awiri, chinthu chimene sindidawaonepo akuchita. Ndidasuzumira pang'ono, zimene sindiyenera kuchita, ndipo ndidaona nkhope ya akamwini ikuwala. Madzulo adabwerera ku Tete.

Masabata otsatira adandionetsa zotsala. Kuti katundu yense afike ku kapela pankafunika ngolo ya aneba ndi amuna awiri, kupita ndi kubwera. Bateriya ya galimoto sinkadzaza pa kapainelo kanga ka dzuwa, kamene ndidagulira telefoni ndi nyale imodzi. Zolemba za pa kawindo kaja zinali zing'onozing'ono ndi za chinenero chimene sindidaphunzire, ndipo nthawi iliyonse ndikayatsa, makina ankaiwala zonse n'kuyambira pa ng'oma za kumabala. Lamulungu lachitatu mvula inali itagwa, ng'ombe zinali kumunda, ndipo tekilado idatsala kunyumba. Ndidayambitsa nyimbo ndi pakamwa pokha, ndipo anthu adayimba bwino kuposa masabata awiri aja. Potuluka, mnzanga wina wa pabenchi loyamba, amene tidavinidwa chaka chimodzi, adandigwira mkono.

"Lero tapemphera," adatero. "Masiku enawa timangobwera kudzamvera radiyo ya akamwini anu. Kodi simungaichepetse? Ikuyimba ngati ikuthawa apolisi."

Ndidapita kwa alongo anga. Ndidawapeza akusongola mpini, ndipo adandimvera osaleka ntchito.

"Mphatso ya mkamwini sabweza," adatero. "Mukaibweza, mwabweza munthu. Ndipo munthu ameneyu ine ndidamulakwira kale, inu mukudziwa. Mukachita zimenezi adzati ndi mawu anga aja abweranso."

"Nanga anthu aleke kuyimba?"

"Ikani chinthucho kuchipinda, muchifunditse kapulana, mukagule chanu mwakachetechete. Akamabwera muzichitulutsa."

"Ndiye tiziwanamiza mudzi wonse, ndi ana omwe? Tsiku limene adzadziwe, adzadziwanso kuti aliyense ankadziwa."

Alongo anga adapitiriza kusongola. "Ndinu ophunzira," adatero. "Pezani njira."

Njira imene ndidapeza inali yokhota. Ndidaimbira mwana wanga telefoni ndi kumuuza kuti apemphe amuna ake adzabwere Loweruka, tsiku limene amayi ochepa timakumana m'kapela kukonzekera nyimbo, adzamve mmene timayimbira popanda choyimbira chilichonse, kuti makina awo awatengere pamenepo. Ndinkayembekeza kuti akamva ndi makutu awo adzaona okha kuti zinthu ziwirizi sizingayendere limodzi, ndipo ine sindidzafunika kunena kanthu.

Adabwera. Adakhala pakhomo la kapela atatifulatira, telefoni ili m'manja, akujambula mawu athu. Titamaliza adamvetsera kawiri, akugogoda bondo ndi chala, ndipo ndidaona chalacho chikusochera pamapeto a mzere uliwonse.

"Uwauze amayi kuti anthuwa alibe liwiro limodzi," adatero.

"Uwauze kuti ali nalo," ndidayankha, "koma limapuma."

Mwana wanga sadavutike kubwereza. Akamwini adaseka pang'ono, n'kunena kuti ng'omazo zikhoza kuzimitsidwa. Chimene chinkawavuta chinali kukwera kwa nyimbo. Adati makina awo sangalakwe, popeza adawayesa ndi pulogalama ina ya m'telefoni imene imamva liwu n'kulemba dzina lake. Ine ndidati zala zanganso sizingalakwe. Adafunsa ngati limba lakale lingatulutse liwu ngakhale limodzi. Ndidati likhoza, munthu atapopa mwamphamvu.

Adagwada pansi n'kupopa ndi manja. Ine ndidaima patali ndi kulozera mwana wanga tekila la Do. Limba lidabuula kamodzi, ngati ng'ombe yodwala. Mwana wanga adayang'ana pa telefoni.

"Yalemba kuti Si bemolo, osati Do," adatero.

"Wadina polakwika."

"Ndadina pamene mwaloza, amayi."

Adayesanso pa tekila lina, ndipo lidatsikanso chimodzimodzi, makwerero awiri. Akamwini adagona chagada pansi pa limba, malaya awo oyera ali m'fumbi, akuunika ndi telefoni. Adakhalako nthawi. Kenaka adapempha mpeni, adapala utoto wakale pansi pa mlomo wa matekila, ndipo padaoneka kachitsulo kamkuwa ndi kamzere kokhala ndi timizere. Adafotokoza, akuyankhula ndi mkazi wawo koma mokweza kuti tonse timve, kuti limbali adalipanga mwakuti thabwa lonse la matekila lizisuntha, kumanja kapena kumanzere, kuti woyimba akweze kapena kutsitsa nyimbo osasintha zala. Wina adalisuntha timizere tiwiri kalekale, ndipo matabwa adatupa ndi chinyezi n'kuligwira pomwepo.

Ndidakhala pansi pa benchi. Zaka zoposa makumi anayi ndinkadina Do n'kumamva liwu lina, ndipo sindidadziwe. Ndidakumbukira irima wachikulire amene adandiphunzitsa, amene ankakonda kunena kuti anthu a kuno amayimbira m'chifuwa. Ayenera kuti ndiye adalisuntha, kuti litiyenere, ndipo sadaone chifukwa chouzira mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Kapela yonse idakulira pa liwu limenelo, amayi, ana awo ndi adzukulu.

Akamwini adatuma amuna awiri kukatenga tekilado yawo kunyumba. Adadina botau lina kawiri kuti itsike, adazimitsa ng'oma, adaika mawu a limba, ndipo ndidayimba. Amayi adalowa bwinobwino, mnzanga uja akugwedeza mutu. Palibe amene adasweka mawu.

"Uwauze amayi kuti zonse zatheka tsopano," adatero akamwini, akudzisasa fumbi. Mawu awo anali a munthu wokondwa kwambiri.

Njira yanga yokhota idathera pamenepo. Zinthu ziwiri zinali zitakonzeka, ndipo chachitatu, chimene chinali chachikulu, palibe botau limene likadachikonza. Amuna awiri aja anali ataima panja akupukuta thukuta, akudikira kuti asenzenso.

Masana omwewo tidakhala monga mwa nthawi zonse, ine kuseri kwa chitseko, iwo pakhonde, mwana wanga pakati. Ndidayamba ndi kuthokoza chifukwa cha zimene adapeza m'limba, ndipo ndidanena kuti apadiri angapo ndi amisiri awiri adaligwirapo osaziona. Kenaka ndidati:

"Uwauze bambo a ana kuti pali mawu amene ndakhala ndikuwazungulira, ndipo kuzungulirako sikudawachitire ulemu. Ine ndimayimba ndekha. Mawa iwo abwerera ku Tete, ndipo ine nditsala ndi chinthu chimene sindingachinyamule, sindingachidzaze moto, ndipo sindingawerenge zolemba zake. Lamulungu lililonse ndiyenera kupempha ngolo ndi amuna awiri, ndipo tsiku limene akana, kapela ilibe limba. Uwauze kuti tekilado yawo ndi yabwino kuposa ine. Ikufunika kumene kuli magetsi ndi achinyamata. Ndikupempha kuti aitenge, ndipo andilole ndigule yaing'ono ndi ndalama za kachewere."

Mwana wanga sadabwereze. Adangoyang'ana pansi, akupotokola nsonga ya kapulana yake. 

"Ndamva, amayi," adatero akamwini.

Adayankha ine mwini, osadzera mwa munthu. Chikwatirire mwana wanga anali asadachitepo zimenezo, ndipo sindidadziwe ngati kunali kuyandikira kapena kutaya mwambo chifukwa cha kuwawa kwa mtima. M'mawa mwake adapakira zonse m'galimoto, adakana chakudya ponena kuti njira ndi yaitali, ndipo adanyamuka belu la kapela lisadalire.

Lolemba ndidapita ku Ulongwe. Tekilado ya tekila lobenthuka ija inali ikadalipo. Tsopano ndinali ndi funso limene poyamba sindinkalidziwa, ndipo ndidafunsa bambo wa maradiyo kuti andionetse potsitsira nyimbo. Adaitembenuza uku ndi uku, adawerenga mabotau onse, n'kunena kuti imeneyi ilibe. Ndikadaigula tsiku loyamba lija, monga ndinkafunira, amayi akadasweka mawu chimodzimodzi, ndipo ndikadati ukalamba wawagwira. Kuphunzira nyimbo zonse mwatsopano pa matekila ena, ndi zala izi, sindikadatha.

Bamboyo adandipezera ina patapita masabata awiri, kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka. Ndi yopepuka ngati mtolo waung'ono wa nkhuni, ili ndi botau lotsitsira, ndipo imayendera kabateriya ka njinga yamoto kamene painelo yanga imadzaza tsiku limodzi. Inali yokwererapo mtengo, choncho koluna sitidagule chaka chimenecho. M'kapela yathu mawu ake okha amakwanira, anthu akakhala pafupi. Za mapulogalama, ija ya ng'oma ndi malipenga idapita ndi komputadori yake, ndipo ndidamva pambuyo pake kuti inkafuna kulipiridwa chaka ndi chaka. Ndili ndi ziwiri zaulere m'telefoni, zimene mwana wanga adandiikira asadanyamuke: ija yomva liwu, ndi ina yojambulira mawu. Yachiwiriyi ndimajambulira salimo la sabata, ine ndikuyimba ndi tekilado, ndipo amayi amene ali ndi matelefoni amapatsirana kuti afike Lamulungu atalidziwa. Kwa munthu woyimba yekha, imeneyo yandithandiza kuposa gulu la malipenga.

Ndidauza mwana wanga pa telefoni kuti akauze amuna ake za tekilado yopanda botau ija, ndi kuti akadapanda kugona m'fumbi tsiku lija ndikadataya ndalama za akhristu. Adati awauza.  Adandiuzanso kuti tekilado yaikulu amuna ake adaipereka kwa achinyamata a ku tchalitchi chawo, ndipo injini ija ayambanso kusungira.

Pa Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Yesu, akamwini sadabwere. Adati ntchito yachuluka, ndipo adzukulu anganso sadabwere, popeza panalibe wowaperekeza. Pa Pasaka chimodzimodzi. Mwana wanga ndikamufunsa ankangoti, "Ali bwino, amayi," n'kuyamba nkhani ya mtengo wa nyemba. Alongo anga adati, "Ndidanena," kamodzi kokha, ndipo ndidawalemekeza chifukwa chosabwereza. M'kapela anthu ankayimba. Ine ndinkasenza tekilado yanga m'kapulana, kabateriya kali m'thumba, ndipo pokwera kamtunda kaja ndinkadzifunsa ngati nyimbo za benchi loyamba ndidazigula ndi banja la mwana wanga. Komabe sindidaone kuti ndikadanena mawu ena.

Akamwini adafika nthawi yokolola chimanga, pa shapa, ndi mwana wanga ndi ana onse atatu. Ndidalowa m'nyumba. Adakhala pakhonde. Tidalonjerana kudzera mwa mwana wanga, za ulendo, za kutentha kwa ku Tete, za zokolola. Adadyera kuseri kwa nyumba monga kale. Atasamba m'manja adanena kanthu motsitsa, ndipo mwana wanga adalowa n'kutenga tekilado pa mphasa pamene ndimaisunga.

Ndinkamva akamwini ali panja akudina tekila limodzilimodzi kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osadumpha. Adaitembenuza. Adagwedeza china chake, ndipo mawu adaduka n'kubweranso.

"Ndani adalumikiza chingwe ichi?" adafunsa.

"Bambo wa maradiyo wa ku Ulongwe," adatero mwana wanga.

"Ameneyo azikonza maradiyo omwewo. Wangopota mawaya n'kukulunga pulasitiki. Mvula ikadzalowa apa, bateriya ipsa ndi tekilado yomwe." Adaiika pansi. "Uwauze amayi kuti mawa ayimbire chomwechi, koma asachikoke. Mwezi wamawa ndibwera ndi chingwe chenicheni, cha fuzivelo yodula moto ukachuluka, ndi kabokosi koikamo bateriya. Ndipo uwauze kuti asamapite kwa anthu a kumsika ngati kuti pabanja pano palibe mmisiri."

Mwana wanga adasuzumira m'nyumba. "Mwamva, amayi?"

"Undiuzebe," ndidatero.

Adabwereza zonse, mawu ndi mawu, mpaka za maradiyo. Ndidamuuza kuti awauze kuti chingwecho sindichikoka, ndipo ndidzadikira.